Usakangowomba M'manja ku Ulaya

Kadewere,
Chiradzulu,
Lachinayi masana.

Wokondedwa mwana wanga Edina,

Landira moni wa bambo ako, ngakhale tionana mawa lomweli pa Chileka. Ndaona kuti pabwalo la ndege sindikatha kuyankhula zanzeru, chifukwa ndikudzidziwa: ndikakondwa kwambiri ndimangoseka, mawu n'kuthawa. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Kalatayi uiwerenge ndege ikanyamuka, ukamaliza kupemphera.

Kuno anthu atopa nane. Dzulo ndinapita pa Njuli kukagula machesi basi, koma ndinabwerako dzuwa litapendeka, machesiwo nditaiwala. Aliyense amene ndinakumana naye ndinamuuza, ngakhale amene sanafunse, kuti mwana wanga akupita ku Ulaya ku msonkhano wa mayiko wokambirana za chuma ndi malonda. Wa kabaza amene anandibweretsa anaimva nkhaniyo kawiri, ndipo pokwera chitunda anandipempha kuti nditsike kapena ndikhale chete. Ndinatsika. Amayi ako akuti ndikhazikike ndisanathyoke mwendo, chonsecho iwonso akhala akukazinga mtedza kuyambira m'mamawa, ndipo akukakamira kuti utenge kalongonda m'chikwama. Ndawauza kuti a pachipata kumeneko akayesa mankhwala, koma sakundimva.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene chandisowetsa mtendere kuyambira Lamlungu, pamene unabwera kudzatsazika. Unationetsa mapepala awiri. Loyamba anakutumizira eni msonkhano, lolembedwa kale, lodzaza mawu othokoza, kuti ukaliwerenge m'mphindi zochepa zimene akupatsa ngati woimira alimi ang'onoang'ono. Lachiwiri unalemba wekha. Mmenemo ukunena kuti kagulu kamene kamakonza mfundo msonkhano usanayambe kasamakhale ka mayiko olemera okhaokha, koma osauka azilowamo mosinthana, ndipo amene mfundozo zikawagwere ndiwo aziyamba kuyankhula. Unati mwina lachiwirilo ukalisiya m'chikwama, kuopa kuti sadzakuitananso ndiponso kuti abwana ako ku ofesi angakwiye. Ine ndinangoti, "Uona wekha, mwanawe," chifukwa amalume ako anali pomwepo. Lero ndikubweza mawu amenewo. Ukawerenge lachiwiri.

Za chuma cha mayiko ine sindidziwa, sukulu yanga inathera sitandade sikisi. Koma misonkhano ndimaidziwa, chifukwa ndaiwononga yambiri. Tamvera.

Titangovota koyamba pa zipani zambiri, misika ya boma inayamba kutsekedwa kuno kumidzi, mavenda nabwera ndi masikelo awo pa Njuli. Ife tinayambitsa kalabu ya nandolo kuti tizigulitsa pamodzi, ndipo anandisankha ine kukhala wapampando. Iwe unali ku sekondale yogonera komweko, sunaone mmene ndinatupira. Ndinagula jekete pa kaunjika, ndinagulanso wotchi imene sinayendepo chiigulire. Tsono msonkhano uliwonse usanachitike tinkakumana atatu pakhonde pathu pano: ine, a Likaka amene anali alembi, ndi a Mwanapwa asungichuma. Zonse tinkamanga pamenepo. M'mawa mwake pabwalo la tchalitchi ndinkangowerenga mfundo, n'kufunsa kuti, "Kodi alipo wotsutsa?" kwinaku ndikuyang'ana pawotchi ija. Panalibe wotsutsa, ndipo ine ndinkadzitama kuti ndimadziwa kugwirizanitsa anthu.

Tsiku lina anaimirira a Nachuma, mayi wamasiye wa kuseri kwa chigayo, uja ankakupatsa nzimbe ukamachoka ku sukulu. Anamanga chitenje bwinobwino, nati, "Apampando, kodi ife mwatiitaniranji? Ngati nkhani munaiphika dzulo pakhonde, bwenzi mutangotumiza uthenga, ife tikupalira kumunda. Apa tabwera kudzangotsuka mbale basi, eti?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'nthiti. Ine ndinapsa mtima, ndinawalamula kuti akhale pansi chifukwa zimenezo sizinali pa ndondomeko. Anakhala. Msonkhano wotsatira sanabwere, ndipo amayi ambiri anawatsatira. Mayi ameneyo ananena zoona, Edina. Msonkhano weniweni unali pakhonde, kubwaloko kunali kungoonetsa anthu. Mmene unandifotokozera Lamlungu, ndaona kuti mayiko akuluakulu nawo ali ndi khonde lawo. Mpando wa m'holo angakupatse aliyense, ndi botolo la madzi pamwamba. Pepala lako likupempha malo pakhonde, n'chifukwa chake ndikuti ukaliwerenge.

Cholakwa chachiwiri n'chimene amayi ako amandiseka nacho mpaka lero. Kunabwera alendo pa galimoto yoyera ndi mbewu ya nandolo wamfupi wocha msanga. Anati ogula a ku Limbe akumufuna kwambiri, chifukwa amafika ku India nthawi imene kumeneko nandolo wasowa. Ine ndinaitanitsa msonkhano pa tsiku limene alendowo anasankha, osaganiza kuti linali tsiku la msika. Amayi onse anali pa Njuli ndi madengu a matimati. Tinasonkhana amuna okhaokha, tinamvetsera, tinagwedeza mitu, ndipo pofika povota tonse tinakweza manja kuti chaka chimenecho minda yonse ya kalabu idzalidwe nandolo wamfupi. Alendo anatiyamikira kuti ndife alimi ozindikira.

Tsono taganiza, mwanawe. Amuna onse amene tinakweza manja tsiku limenelo tinali akamwini. Ine kwathu ndi ku Magomero, kuno ndinabwera ndi sutikesi ndi khasu. Munda wa kumtunda uja ndi wa amayi ako, anawasiyira agogo ako, ndipo udzakhala wako. A Likaka chimodzimodzi, a Mwanapwa chimodzimodzi. Tinavotera minda ya eni, eniakewo ali kogulitsa matimati, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anazindikira.

Mbewu ndinabwera nayo kunyumba monyada. Amayi ako anagwada, nailandira ndi manja awiri, nati, "Zikomo, abambo." Patapita masiku angapo panali ndiwo yokoma kwambiri, mpaka ndinapempha ina. Mvula itagwa ndinafunsa kuti mbewu ija ili kuti.

"Mbewu iti?" anatero amayi ako, osasiya kupeta.

"Ya alendo ija."

"Si ija munaiyamikira Lachitatu lija, mpaka kunyambita zala?"

Ndinafuna kukalipa, koma anandidula. "Abambo a Edina, nandolo wanu wamfupiyo ine ndidzasonkhera chiyani pamoto? Mitengo kuno inatha, phiri analimeta mpala. Chaka chonse ndimaphikira mitengo ya nandolo wamtali. Nanga makata, nandolo wamuwisi uja, amene ana amadya m'nyengo yozizira achokera kuti, poti wamfupiyo amauma tsiku limodzi? Nanga mbozi zikamugwira apopera ndani? Munandifunsa ine? Mundawu ndi wa ndani?"

Nditazungulira m'mudzi ndinapeza kuti si kwathu kokha. Kwa a Likaka mbewuyo inadyedwa ndi nkhuku. Palibe mayi amene anakana pamaso pa mwamuna wake, onse analandira ndi manja awiri. Paja amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Alendo aja atabweranso anapeza nandolo wamtali wokhawokha akugwedezeka m'minda, ndipo anakalemba kuti alimi a ku Kadewere safuna kusintha.

Ichi ukawauze mosapsatira. Anthu amene wawasiya kunja kwa msonkhano sasowa ayi, amakavotera kumunda. Akuluakulu a kumeneko akamadabwa kuti mfundo zawo zokongola sizikuphuka ku mayiko ngati lathu, afunse kuti anakweza manja ndani ndipo munda ndi wa ndani. Usakapemphe ngati wopempha chifundo. Ukawaonetse kuti kutiitana ife pakhonde n'kodzithandiza okha, chifukwa popanda ife mbewu yawo tizingoiphika. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo za mtengo wa nandolo amene amamva m'mimba ndi ife.

Pano ndikuseke pang'ono iwenso, usakwiye. Lamlungu unatulutsa kabuku n'kumandifunsa ine za mmene nandolo wayendera chaka chino, amayi ako ali chapafupi akusenda chinangwa. Unalemba zonse zimene mkamwini ananena, mwini munda osamufunsa kanthu. Ndinaona amayi ako akumwetulira chamumtima. Magazi a bambo ako ndi amphamvu ndithu. Mawa pa Chileka ndikakuuza pakamwa kuti uwatengere pambali ndi kabuku kako komweko, ine ndikasunga zikwama.

Cholakwa chachitatu chinabwera chifukwa chofuna kukonza chachiwiri. Manyazi atandigwira ndinalengeza kuti msonkhano wotsatira abwere aliyense ndipo ayankhule mmene angafunire. Anabweradi, mpaka agogo oyendera ndodo. Tinayamba titangoweruka ku Misa yoyamba. A Mwanapwa anatenga nthawi yaitali kudandaula za mbuzi za mlamu wawo. Wina anadzutsa nkhani ya malire ya m'nthawi ya atsamunda. Amene anali ndi mawu akuluakulu anayankhula kasanu, amanyazi osayankhula n'kamodzi komwe. Dzuwa linalowa tisanagwirizane ngakhale tsiku lokagulitsa. Tinachita zimenezi masabata atatu, ndipo mmene tinkamaliza kukangana n'kuti mavenda atazungulira kale khomo ndi khomo, nandolo atapita. Choncho ukakamva wina kumeneko akunena kuti tikachuluka sitimaliza kanthu, usakamunyoze. Akunena zoona pang'ono, ndipo uyenera kukhala ndi yankho.

Yankho lathu linachokera kwa amayi ako ndi a Nachuma, amene ndinachita kukawapepesa ndi nkhuku kuti abwerere. Iwo anati khonde si loipa, anthu ochepa ayenera kukonza nkhani, koma okhala pakhondepo azisinthana chaka ndi chaka, ndipo mbumba iliyonse izikambirana kaye kwawo n'kutuma munthu mmodzi. Anatinso pabwalo aziyamba kuyankhula ndi amene ali ndi munda waung'ono, wapampando azikhala womaliza, ndipo wina asayankhule kawiri mnzake asanayankhule kamodzi. Kukhala womaliza kunandivuta kwambiri, ukundidziwa. Ndinkakhala ndikugwedeza mwendo, mawu akuyabwa kukhosi, koma nthawi zambiri pofika pa ine n'kuti zimene ndimafuna kunena atanena kale ena, mwinanso bwino kuposa ine. A Nachuma anawonjezera china chimene ndimachikonda mpaka pano: tisanabalalike tizitchula dzina la munthu amene akachite chimene tagwirizana, ndipo msonkhano wotsatira uziyamba ndi kumufunsa pamaso pa onse ngati anachita. Anthu anayamba kuopa kulonjeza zabodza. Chaka chimenecho tinadzaza lole mpaka matumba ena kutsala, ndipo ine ndinakwera pamwamba penipeni mpaka ku Limbe, ndikuimba ngati mnyamata wa kwaya. Ngakhale nandolo wamfupi uja amayi anavomera okha kumuyesa pa kachigawo kakang'ono, poti tsopano anafunsidwa.

Nditaona pepala lako ndinaseka mumtima, chifukwa zimene walemba m'Chingerezi chako chozama n'zomwezo anatiphunzitsa amayi awiri osadziwa kusaina. Usakachite nazo manyazi. Zinagwira ntchito ku Kadewere, ndipo ine ndine mboni.

China chaching'ono. Nthawi ina ndinakangana ndi kalabu ya kwathu ku Magomero pa nkhani yoti lole iyambire kuti kunyamula. Aliyense anapita yekha, ndipo wogula ku Limbe anatisewera bwino, uku akuuza ife kuti anzathu avomera mtengo wotsika, uku akuuza iwo zomwezo za ife. Ukakafika, usakathamangire kujambulitsa ndi a mayiko olemera. Ukafunefune anzako ochokera ku mayiko olima khofi, thonje ndi tiyi, amene akuzizidwa ngati iwe. Ukadye nawo mtedza wa amayi akowo, ukawaonetse pepala lako lisanafike tsiku. Mukakhala angapo onena chinthu chimodzi n'kovuta kukuuzani kuti sizili pa ndondomeko. Ukavale majuzi awiri, ukadye ngakhale zakudyazo zikhale zosadziwika mutu wake, ndipo poyankhula usakatukwane munthu. A Nachuma sanandinyoze, anangonena zoona anthu n'kuseka, ndipo zinandilowa kuposa chitonzo.

Ndikanatha kumalizira pamenepa, ndipo kalatayi ikanakhala yabwino. Koma Lamlungu, titakuperekeza kumsewu, unanena mawu amene andibaya. Unati, "Ababa, ine ndilibe mtima ngati wanu uja wa ku Blantyre." Ndiyenera kukuuza za ku Blantyre.

Ukuidziwa nkhaniyo mmene anthu amaikambira. Kalabu yathu itatchuka, anandiitana ku hotela ina mumzinda, ku msonkhano waukulu wa mitengo ya mbewu, kumene kunali akuluakulu a m'maofesi, ogula ndi azungu. Ine ndinali mlimi ndekha. Mbumba zonse zinakambirana sabata yathunthu, zinandipatsa mawu oti ndikanene: za masikelo, za misika imene inatsekedwa, za mbewu zobwera popanda kufunsa eni minda. Amayi ako anasita jekete. A Nachuma anandiperekeza mpaka pa Njuli akundibwerezetsa mfundozo ngati mwana wa katekisimu. Mpaka apa zonse n'zoona.

Nditalowa m'chipindamo mapazi anamira m'kapeti. Munali mphepo yozizira yochokera m'khoma, ndipo Chingerezi chinkathamanga ngati njinga yopanda mabuleki. Ndinayang'ana nsapato zanga, ndinayang'ana za anzanga, n'kubisa zanga kunsi kwa tebulo. Chakumasana wapampando wa msonkhanowo anatembenukira kwa ine, ndipo anachita kundiyankhula m'Chinyanja, mwaulemu ndithu: "Bambo a ku Chiradzulu, muli ndi mawu?" Ndinaimirira. Mfundo zonse ndinkazikumbukira, palibe imene ndinaiwala. Ndinatsekula pakamwa ndipo ndinati, "Ine ndikungothokoza chifukwa chotiitana." Ndinakhala pansi. Anandiwombera m'manja, inenso ndinawomba nawo. Kenako anandiimika pakati pojambula chithunzi.

Madzulo ndinapeza anthu akundidikira pamsewu. A Nachuma anandigwira dzanja, nati, "Apampando, mwakawauza?"

Ndinati, "Ndawauza zonse, mpaka mzungu wina anachita kuvula magalasi."

Amayi analuluta. Nkhaniyo inakula yokha, ena akuti ndinamenya tebulo, ena akuti ndinayankhula Chingerezi, ndipo ine sindinatsutse. Patapita miyezi alangizi anabwera ndi kabuku ka msonkhanowo. Munali chithunzi changa, ndipo pansi pake analemba kuti alimi anafunsidwa ndipo anagwirizana nazo. Ndinakabisa kabukuko padenga mpaka chiswe chinandithandiza. Palibe chimene chinasintha pa masikelo, ndipo anthu ankati akuluakulu ndi ouma mitima, poti apampando anawauza koma sanamve. Mwina akanamva, mwina ayi, sindidzadziwa. A Nachuma anamwalira akukhulupirira kuti mawu awo anafika.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwanawe, koma ine sindinafe ndekha m'unamo, ndinalowa ndi mawu a mudzi wonse. Zaka zonsezi iwe wakhala ukudziyeza ndi munthu amene kulibe. Tingati bambo ako nawonso anapatsidwa mapepala awiri omwewo, ndipo anawerenga loyamba. Eni msonkhano aja sananditaye, anandiitananso kawiri, chifukwa mlimi wothokoza amasowa. Ulendo uliwonse ndinkabwerako nditakhuta, ndipo ndikukuuza kuti palibe chakudya cha ku hotela chimene chinachotsa kuwawa kwa funso la mayi uja. Ngati ukuopa kuti sadzakuitananso, ine ndaona mbali inayo, ndipo ndi yoipa kuposa. Za abwana ako, akakwiya adzakwiya, udzabwera kuno tidzaone chochita. Munda ulipo, ndipo mwini wake sadzakuthamangitsa.

Amayi ako sakudziwa zimenezi. Ndikamata envulopuyi ndipita kuseri kumene akukazinga mtedza ndikawauze, ndipo Loweruka ndikauza kalabu, wapampando wa tsopano akandipatsa mpata. Ndikuopa, sindikubisira. Koma n'zodabwitsa kuti chilembereni ndime zimenezi mtima wapepuka, ndipo chimwemwe chija chabwerera chochuluka kuposa cha dzulo. Mwana wanga, wobadwira m'nyumba yofolera udzu, akukaima pamaso pa mayiko atanyamula nzeru za amayi a ku Kadewere. Ndikayesa kuganiza zimenezi ndimangoimirira n'kukhalanso pansi.

Mawondo akagundana, asiye agundane, pakamwa sipayendera mawondo. Ukagwire pepala lako ndi manja awiri, ukawerenge pang'onopang'ono mpaka mzere womaliza, ngakhale wapampando ayang'ane pawotchi. Ukabwerako ndidzakhala pamsewu pa Njuli, ndipo ndidzakufunsa ngati unakawauza. Ukakalephera, udzandiuze kuti ndinalephera, ndipo ndidzakunyamulira chikwama mpaka kunyumba, chifukwa palibe amene angakumvetse kuposa ine. Chokhacho ndikupempha, usadzandibweretsere mzungu wovula magalasi.

Mulungu akutsogolere popita ndi pobwera.

Ndine bambo ako,
amene ndikukunyadira usananene n'liwu limodzi lomwe.